Chikondwerero Chikatha, Mbande Imatsala ndi Yani?

Ana anga ndi adzukulu anga,

Kalendala ya masiku ano yadzaza. Pa 2 Febuluwale dziko lonse lapansi limakumbukira madambo, pa 21 Malichi nkhalango, m'mawa mwake pa 22 Malichi madzi, ndipo pa 5 Juni chilengedwe chonse. Kuno kwathu tinaonjezapo zathu: nyengo yodzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, komanso tsiku losesa ndi kuyeretsa malo. Ambiri mwa inu munagubapo pa masiku oterewa mutanyamula zikwangwani. Ena munavina, ena munalakatula ndakatulo pamaso pa mlendo wolemekezeka. Ndafuna tikambirane za masiku amenewa chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa tulo: masiku akuchulukirachulukira, koma mapiri ndiye akunka nayera.

Tsiku lodzala mitengo linayamba mu 1976, m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo linkachitika mu Januwale, mvula ili pakati, dothi lili lofewa. Kalembera wa 1977 anapeza kuti m'Malawi tinalimo anthu pafupifupi 5.5 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Aliyense mwa anthu amenewa amafuna munda, nkhuni, milimo ya denga ndi njerwa zowotcha, osaiwala zigafa za fodya. Choncho amene anatalikitsa tsiku lija kuti likhale nyengo ya miyezi inayi anaganiza bwino. Chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti mitengo mamiliyoni ambirimbiri yadzalidwa. Ikanakhala kuti yonseyo inakula kuyambira 1976, bwenzi lero tikusowa polima. Koma kwezani maso muone phiri la Ndirande. Makolo anu analipeza litavala mitengo, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linametedwa mpala. Chiwerengero cha mbande zodzalidwa timachidziwa. Cha mitengo yopulumuka ndi chimene sitifunsa.

Musandimve ngati ndikunyoza masikuwa. Munthu ndi woiwala, ndipo mtundu wopanda masiku okumbukira umataya mbiri yake. Pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi timakumbukira amene anafera ufulu mu 1959, ndipo chifukwa cha masiku amenewa mwana wobadwa dzulo amadziwa kuti ufulu unagulidwa ndi magazi. Masiku a zachilengedwe nawonso ali ndi chiyambi chake. La pa 5 Juni linachokera ku msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Stockholm mu 1972. La madambo linachokera ku pangano limene linasainidwa mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, ndipo nyanja yathu ya Chilwa ili m'kaundula wa panganoli. Msodzi wa pa Kachulu safunika kumuuza chifukwa chake. Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo moyo wake uli pa mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka, matemba n'kusowa m'misika. Tsiku lokumbukira limasonkhanitsa mfumu, mphunzitsi, mbusa, shehe ndi mwana wasukulu pabwalo limodzi kuti amve zimenezi pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndiye kusonkhanako n'kofunika.

Koma tiyeni tinene zoona za momwe mwambo umayendera m'malo ambiri. Matenti amakhomedwa, mipando imabwerekedwa kutchalitchi, ana amafola kuyambira m'mawa. Mlendo wolemekezeka amafika dzuwa lili paliwombo, mbande zitayamba kale kufota. Amamuvalitsa magolovesi, amadzala mtengo umodzi, amathirira ndi keni yatsopano uku akujambulidwa. Ana amathamangira kukwirira mbande zotsalazo m'timayenje tokumbidwa mwachangu, zina zili m'machubu momwemo. Kenako matisheti, zakumwa, ndi mzere wosainira alawansi. Magalimoto akangonyamuka, mbuzi zimafika. Zimene mbuzi zasiya, chiswe chimadya. Zimene chiswe chasiya, moto wa anyamata osaka mbewa umamaliza mu Ogasiti. Chaka chotsatira mwambo umachitikanso pamalo omwewo, ndipo palibe amene amachita manyazi.

Tsopano ndikutengereni ku Salima, pachilumba cha Mbenji m'dera la mfumu Makanjira. Kumeneko kulinso masiku a mwambo, ndipo anayamba cha m'ma 1950. Mu Disembala mfumu imatseka chilumba, asodzi onse amachoka, nsomba zimaswana mwamtendere nyengo yonse ya mvula. Mu Epulo kumakhala mwambo wotsekulira, anthu amabwera kuchokera kutali kudzaonerera. Pachilumbapo mowa saloleza, njuga saloleza, makoka otchera ndi tiana ta nsomba tomwe saloleza, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. N'chifukwa chake utaka wa pa Mbenji ukadalipo pamene madoko ena asodzi akukoka ukonde wa udzudzu n'kumatulutsa tinthu tosaoneka ndi maso. Mwambo wa pa Mbenji uli ndi mphamvu chifukwa kumbuyo kwake kuli lamulo lodziwika, mwini wake wodziwika, ndi miyezi inayi ya kudziletsa. Chikondwerero chimabwera pomaliza, anthu atapirira kale.

Zomwezo mudzaziona m'mudzi mwanu. Mukamayenda pa basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza kapena ku Mchinji, mukaona kagulu ka mitengo yachilengedwe kataima pakati pa minda yoyera, dziwani kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe mlonda wa mfuti, palibe mpanda wa waya, koma nkhwangwa sifikapo. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa M'bona, yaima zaka mazanamazana pa chifukwa chomwechi. Makolo athu sankadziwa za Stockholm, koma ankadziwa kuti chinthu chimasungika chikakhala ndi mwini komanso mwambo umene aliyense amauopa. Mbande ya pachikondwerero imafa chifukwa ndi ya aliyense, ndipo cha aliyense chilibe woti achilirire.

Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: musadzale mtengo umene simudzaulera. Kuli bwino mitengo khumi yokhala ndi mayina a eni ake kusiyana ndi chikwi ya chipwirikiti. Kusukulu, mwana aliyense apatsidwe wakewake, auyang'anire mpaka atalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo pochoka ausiye m'manja mwa mng'ono wake. M'mudzi, dziwani kuti lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu ndi anthu ake kupatula nkhalango ya m'mudzi n'kusankha komiti yoiyang'anira. Lowani m'makomiti amenewo. Asakhale a nkhalamba zokhazokha, popeza miyendo yoyendera malire a nkhalango muli nayo ndi inu.

Kulera mtengo kuli ndi kachitidwe kake, ndipo m'mera mpoyamba. Dzenje likumbidwe mvula isanayambe, lakuya ndi lotambalala ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Dothi lapamwamba muike padera, mulisakanize ndi manyowa owolerana bwino, ndipo pokwirira liyambe ndi lomwelo kulowa pansi pomwe mizu ikafike. Chubu chichotsedwe mosamala, dothi lake lisamwazike. Dzalani m'mawa, madzulo, kapena tsiku la mitambo. Ngakhale nyengo imatha pa 15 Epulo, mlimi wanzeru amadzala mu Disembala kapena Januwale, kuti mizu ikhale italowa pansi chilimwe chisanafike. Mbande yodzalidwa mvula ikutsanzika imafuna munthu woti aziitungira madzi mpaka Novembala, ndipo munthu woteroyo ndi wosowa. Mukadzala, palirani. Tchingani ndi minga kapena timitengo kuti ziweto zisafike. Pofa, pakizani mvula isanathe. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onse. Ntchito imeneyi ilibe wojambula, ilibe tisheti, koma ndi imene imasandutsa mbande kukhala mtengo.

Sankhaninso mtengo molingana ndi malo. Bulugamu ndi wabwino pa milimo ndi mapolo, koma amamwa madzi kwambiri, choncho musamuike pa kasupe kapena m'mphepete mwa dambo. M'mbali mwa mtsinje dzalani mkuyu, mbawa, katope ndi nsungwi, ndipo musalime mpaka m'madzi. M'munda, nsangu ndi bwenzi la chimanga: imayoyola masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina ikuphukira, motero siphimba mbewu koma imathira chajila m'nthaka. Wofuna nkhuni zachangu adzale kesha, amene mbuzi sizimukonda. Pakhomo pasasowe mango, mapapaya, magwafa ndi mapeyala, chifukwa mtengo umene mwana amadyako palibe amene amaudula mwachisawawa. Pamalo otsetsereka dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kuti ugwire dothi.

Palinso njira ina imene sifuna nazale kapena ndalama. M'minda ndi m'mapiri mwathu muli zitsa za msuku, muwanga, mombo ndi mitengo ina yachilengedwe zimene zikadali zamoyo pansi. Chaka chilichonse zimaphukira, ndipo chaka chilichonse timazisadza kapena kuziwotcha. Mukasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, n'kudulira zinazo, n'kuteteza malowo ku moto, zaka zochepa zokha mudzaona thengo likubwerera. Mizu yake ndi yakale, inazama kale, siopa chilimwe. Kumbukiraninso kuti ilipo mitengo imene ikatha kuibweza n'kovuta. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Ulemu wonsewo sunauteteze ku macheka. Lero mitengo yake ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu, ndipo mbande zimene zikudzalidwa tsopano zidzakula inu muli ndi imvi.

Pa masiku okumbukira, olankhula amakonda kudzudzula owotcha makala. Koma thumba la makala limene mumaliona pa njinga likutsika kuchokera ku Dzalanyama silipita kumudzi. Limapita ku Lilongwe. Lochokera ku Neno ndi ku Mwanza limapita ku Blantyre. Wogula ndi ife a m'tauni, ndipo ena mwa ogulawo ndi omwe aja amakhala kutsogolo mu tenti. Onani momwe chingwechi chalukidwira. Dzalanyama ndiye gwero la mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a ku Malingunde, komwe mzinda umamwa. Mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Shire akayera, dothi limakokolokera mumtsinje n'kukadzaza pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pomwe timapangira magetsi. Magetsi akazima, anthu amagula makala ochuluka, mitengo inanso imagwa, dothi linanso limatsika. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima wa kawirikawiri kupitirira chaka. Mnyamata wowotcha makala nthawi zambiri amachita zimenezo chifukwa cha njala, ndipo kumutukwana sikudzaza mimba yake. Chimene inu mungathe ndi kuchepetsa moto wa pakhomo panu. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Nyemba zoviikidwa usiku zimapsa msanga. Mphika wovundikira susowa moto wambiri. Amene thumba likumulola, aphikire gasi kapena magetsi. Izi n'zazing'ono, koma zimachitika katatu pa tsiku, chaka chonse.

Za zinyalala ndilankhule mosapsatira. Mu Novembala 2020 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Masiku oyamba masache anatuluka, akuluakulu anavala maovolosi. Patapita miyezi, chidwi chinazilala m'malo ambiri. Koma ngakhale chikanapanda kuzilala, kodi kusesa kamodzi pamwezi kungapose kutaya kwa masiku makumi atatu? Munthu yemweyo amene wasesa Lachisanu, Loweruka akwera minibasi, adya chimanga chowotcha, chitsononkho pawindo, botolo pawindo, jumbo pawindo. Zonsezo zimathera m'ngalande, ngalande zimatseka, mvula ikagwa madzi onyansa amalowa m'nyumba ndi m'zitsime. Pitani mukaone Mudi ku Blantyre, Lingadzi ku Lilongwe kapena Lunyangwa ku Mzuzu, muone majumbo ndi matewera a ana zitakolekera m'mabango. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Maliro amenewo anali m'makomo mwathu, ndipo gwero lake linali madzi akuda ndi kusowa kwa zimbudzi zabwino.

Boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika mamaikuloni 60, mu 2015. Nkhaniyi inazungulira m'makhoti zaka zambiri, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho n'choyenera. Koma khoti silingakuperekezeni kumsika. Agogo anu aakazi ankapita ndi dengu, ndipo palibe phwetekere amene anatayika panjira. Tengani chikwama chanu, kanani jumbo la tomato awiri. Mbuzi ndi ng'ombe zimameza mapulasitikiwa n'kumaonda mwiniwake osadziwa chifukwa. Pakhomo kumbani dzenje la zinyalala zowola, zidzakupatsani manyowa a m'dimba. Chimene chili m'manja mwanu mukakhala paulendo, chisungeni mpaka mutapeza potaya.

Ndikudziwa yankho la ena mwa inu: "Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo, ife timakhoma msonkho." Ena amafika ponena kuti ntchito yachitukuko yopanda malipiro ndi thangata. Pamenepa mverani ife amene tinaona Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya chipani chimodzi. Chaka chilichonse sabata yathunthu tinkalambula misewu, kumanga milatho ya mitengo, kuumba njerwa za masukulu ndi kusesa m'zipatala. Sindibisa, munali chikakamizo, ndipo wokana ankaona zakuda. Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu anakana chikakamizocho, ndipo anachita bwino. Koma ambiri anataya pamodzi ndi mtima wogwirira ntchito mudzi wawo. Thangata weniweni anali wogwira ntchito m'minda ya atsamunda ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ngati lendi ya malo okhala, phindu lonse n'kupita kwa mwini esiteti. Ndi chimodzi mwa zimene Chilembwe anakana mu 1915. Kutsekula ngalande imene ikasefukira imalowa m'nyumba mwako, kapena kukonza mjigo umene mayi ako amatungapo, phindu lake ndi lako. Ufulu unatichotsera kapitawo kuti tizidzituma tokha.

Udindo wa nzika suthera pa khasu ndi tsache. Ulinso pakamwa. Wogulitsa mumsika amadula tikiti tsiku lililonse, choncho ali ndi ufulu wofunsa kuti zinyalala zichotsedwa liti ndipo chimbudzi chikonzedwa liti. Pitani ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera. Khansala ndi phungu munawasankha ndi inu. Afunseni mwaulemu, koma afunseni. Mukaona lole ya matabwa kapena makala ikutuluka m'nkhalango yotetezedwa usiku, dziwitsani mfumu ndi alangizi a zankhalango. Ndipo inu amene mawa mudzakhale apolisi, alonda a nkhalango kapena akuluakulu a maofesi, kumbukirani kuti ndalama ya chiphuphu yolandirira pa chipata imadula mitengo yambiri kuposa nkhwangwa.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inakokoloka anthu ali m'tulo. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mvula imeneyo inali yoopsa, ndipo sindinganame kuti mitengo ikanatchinga zonse. Koma phiri lovala mitengo limamwetsa madzi pang'onopang'ono, mizu imagwira dothi, pamene phiri loyera limangowatsanulira pa anthu okhala m'munsi. Akatswiri a zanyengo akutichenjeza kuti dziko likamatentha, mvula yamphamvu chotere izibwera kawirikawiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukamafuna poika nyumba, musamange m'khwawa kapena pamtsetse wa phiri chifukwa choti puloti yake ndi yotsika mtengo, ndipo chenjezo la pa wailesi likabwera, samukani msanga.

Choncho masiku okumbukirawa muwasunge, koma muwasinthe kachitidwe. Mwambo wa chaka chino uziyamba ndi kuyendera mitengo ya chaka chatha. Muwerenge yamoyo pamaso pa anthu onse, mutchule amene anailera, ndipo mphatso ipite kwa iwowo, osati kwa amene walankhula bwino. Ngati yambiri inafa, mufunsane chimene chinaipha musanakumbe dzenje lina. Pa 22 Malichi musangoguba, mukakonze pa mjigo ndi kuona ngati ndalama yogulira zipangizo ilipo m'thumba la komiti. Pa 5 Juni, pamene udzu wayamba kuuma, likhale tsiku lolambula njira zotchinga moto. Tsiku losesa likhale lokumbutsana kuti mwezi wonse tisataye. Mukatero simudzadikira galimoto yochokera ku boma kapena ku bungwe kuti mwambo uchitike, chifukwa khasu, chikwanje ndi tsache muli nazo kale.

Mbawa yodzalidwa lero idzapereka thabwa ine kulibe. Amene adzamwe madzi a Shire, Linthipe ndi Rukuru zaka makumi anayi zikubwerazi ndi inu ndi ana anu, ndipo dziko lina loti muthawireko kulibe. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa musawagoneke. Pitani mukaone ngati mbande imene munadzala chaka chatha ikadali moyo, ndipo ngati inafa, kumbani dzenje mvula isanagwe.

Ndatha ine,
Agogo anu.